Ndani Anaposa Onse pa Mipikisano ya Maboti a Liwiro Panyanja Yamchere?

Pakati pa anthu amene timagwira ntchito ya maboti ndi mainjini ake pali mkangano umene sukalamba, wofuna kupeza munthu amene anaposa onse m'mbiri ya mipikisano ya maboti a liwiro panyanja yamchere. Mayina atatu sasowa pa mkanganowu: Don Aronow wa ku America, Steve Curtis wa ku Britain ndi Fabio Buzzi wa ku Italy. Ine ndili kumbali ya Buzzi, koma kuti chifukwa changa chimveke, owerenga ayambe adziwa mmene chipambano chimapezekera m'masewera amenewa, pakuti sichikhala cha munthu mmodzi ngati cha wothamanga wapansi.

M'boti la mpikisano wa gulu lapamwamba, lotchedwa Class 1, mumakhala anthu awiri. Wina amagwira chiwongolero, ndipo mnzake, amene amatchedwa throttleman, amalamulira mphamvu ya mainjini ndi kakhalidwe ka boti pamadzi. Ntchito yachiwiriyi anthu ambiri saidziwa, komatu ndi pamene pagona mpikisano. Boti likadumpha pa funde, mapulopela amatuluka m'madzi, ndipo injini imene yasowa chokankha imazungulira mopyola muyeso mpaka kuwonongeka. Choncho throttleman amabweza mphamvu boti likangonyamuka, n'kuibwezeretsa pa kamphindi komwe mapulopela akukhudzanso madzi, ndipo amachita zimenezi pa funde lililonse kuyambira poyambira mpaka pomalizira. Akafulumira amaswa injini, akachedwa anzake amamupitirira.

Palinso munthu wachitatu amene nthawi zambiri sakwera n'komwe, ndiye wojambula ndi kukonza botilo. Aliyense amene anakwerapo boti la injini pa nthawi ya mwera amadziwa mmene boti la pansi pafulati limamenyetsekera pa mafunde. Vutoli analichepetsa ndi Ray Hunt wa ku America, amene anajambula boti la pansi posongoka ngati chilembo cha V kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti lizidula funde m'malo moliwomba. Mu 1960 boti la mtundu umenewu lotchedwa Moppie, la Dick Bertram, linapambana mpikisano wochokera ku Miami kupita ku Nassau, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, m'maola asanu ndi atatu, tsiku limene nyanja inali itakalipa moti maboti ambiri anabwerera panjira. Kuyambira pamenepo omanga maboti a mpikisano anatsata njira ya Hunt. Pa chifukwa chimenechi, kuwerenga zikho kokha sikungathetse mkanganowu, chifukwa chikho chilichonse chili ndi eni ake atatu.

Aronow ndiye amene dzina lake limadziwika ngakhale kwa anthu osatsata masewerawa. Anapeza chuma pa ntchito yomanga nyumba ku New Jersey, n'kusamukira ku Miami, kumene anayambitsa makampani a maboti motsatizana: Formula, Donzi, Magnum ndi Cigarette. Anatenga chikho cha dziko lonse mu 1967 ndi mu 1969, ndipo dzina la Cigarette linafala mpaka anthu anayamba kutcha boti lililonse lalitali ndi lowonda la liwiro ndi dzina limenelo. George Bush wamkulu, amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko la America, anali nalo boti lotere, koma ozembetsa mankhwala osokoneza bongo analikondanso, ndipo pambuyo pake Aronow anamangira boma la America maboti otchedwa Blue Thunder oti azithamangitsa ozembetsawo. Anawomberedwa ndi mfuti n'kufa pa 3 February 1987 mumsewu womwewo wa ku Miami umene munali mafakitale ake. Palibe amene anakweza mbiri ya masewerawa ngati iye, ndipo ndikuvomereza zimenezi ndi mtima wonse. Komabe zaka zake zopikisana zinali zochepa, ndipo maboti ake anaima pa nzeru ya Hunt ndi pa luso la ojambula amene iye ankawalemba ntchito, monga Jim Wynne ndi Walt Walters. Luso lake lalikulu linali lodziwa boti labwino, kulithamangitsa mopanda mantha ndi kuligulitsa.

Amene amakhulupirira manambala amasankha Curtis, ndipo ali ndi poimira. Pofika mu 2006 anali atatenga chikho cha Class 1 kasanu ndi katatu, koyamba mu 1985, ndipo kangapo ali ndi Bjørn Rune Gjelsten wa ku Norway m'boti lotchedwa Spirit of Norway. Funso likanakhala lakuti throttleman woposa onse ndani, sindikanataya nthawi. Anakulira m'maboti, pakuti bambo ake, Clive Curtis, anali mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Cougar imene inatchukitsa maboti a mimba ziwiri, ooneka ngati maboti awiri olumikizidwa, pa mipikisanoyi. Pano ndiyenera kutchulanso Betty Cook, mayi wa ku America amene anayamba kupikisana ali ndi zaka zopitirira 50, n'kutenga chikho cha dziko lonse mu 1977 ndi mu 1979. Zimandiwawa kuti pa mikangano yotereyi dzina lake limakumbukiridwa mochedwa.

Buzzi ndi wosiyana ndi onsewa chifukwa ntchito zimene ena ankagawana, iye ankazigwira yekha. Anabadwira ku Lecco mu 1943, anaphunzira uinjiniya ku Turin, ndipo mu 1971 anayambitsa kampani yake ya FB Design. Ankajambula boti, kulimanga, kukonza mainjini ake, kenako n'kukhalamo iye mwini pa tsiku la mpikisano. Munthu wotere akalakwitsa pa pepala, thupi lake lomwe ndilo limalipira panyanja, ndipo zimene waphunzira pa mafunde amabwerera nazo kufakitale popanda womasulira pakati.

Chachikulu chimene anachita ndi kukhulupirira injini ya dizilo pa nthawi imene anthu ankaiona ngati ya zombo za katundu ndi mathirakitala. Injini ya dizilo imalemera kuposa ya petulo, koma imamwa mafuta ochepa ndipo imapirira ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali, zimene zimathandiza kwambiri pa mpikisano wa mtunda wautali, pamene mafuta okha amene boti lanyamula ndi katundu wolemera. Mu 1984 anapambana mpikisano wozungulira chilumba cha Britain ndi boti la dizilo lotchedwa White Iveco. Mu 1988 anatenga chikho cha dziko lonse ndi Cesa 1882, boti la mimba imodzi lokhala ndi mainjini anayi a dizilo a Seatek, amene iye anathandiza kuwakonza. Otsutsa amanena kuti malamulo a nthawi imeneyo ankalola mainjini a dizilo kukhala aakulu kuposa a petulo. Yankho langa ndi lakuti malamulowo anali a aliyense, ndipo amene anatha kupanga injini ya dizilo yopepuka ndi yamphamvu mokwanira kuti mwayiwo ubale zipatso anali iye.

Umboni umene umandikhutiritsa kwambiri ndi moyo wa boti limenelo. Chaka chotsatira, litasinthidwa dzina kukhala Gancia dei Gancia, linapatsa chikho cha dziko lonse Stefano Casiraghi, mwamuna wa Caroline wa banja lachifumu la ku Monaco, kusonyeza kuti ubwino wake sunali m'manja mwa Buzzi mokha. Ndipo mu 2008, patapita zaka 20, Buzzi ali ndi zaka 65 analikonzanso, n'kulitcha Red FPT, ndi kupambana nalo mpikisano wa Cowes–Torquay–Cowes ku England, umene unayamba mu 1961. M'masewera amene boti limatha ntchito pa zaka zochepa chabe, zimenezi ndi zachilendo kwambiri.

Mu 2018, ali ndi zaka 75, anafika pa liwiro la makilomita 277.5 pa ola panyanja ya Como, limene boti la dizilo linali lisanafikepo. Usiku wa pa 17 September 2019, akumaliza ulendo wothamanga wochokera ku Monte Carlo kupita ku Venice, boti lake linawomba chikhoma cha miyala chotchinga mafunde pakhomo lolowera ku Venice. Buzzi, ali ndi zaka 76, anafera pomwepo pamodzi ndi anzake awiri, ndipo mmodzi yekha mwa anthu anayi amene anali m'botimo ndiye anapulumuka.