Mkangano wa Bigfoot: omuona ndi ambiri, koma fupa lake silipezeka

Mu 1958 kampani ina inkalambula msewu wa magalimoto onyamula mitengo m'nkhalango za ku Bluff Creek, kumpoto kwa California ku America. Jerry Crew, yemwe ankayendetsa katapila pantchitoyo, anayamba kumapeza zidindo za mapazi m'matope pafupi ndi pomwe ankagoneka makina ake. Mapaziwo anali ngati a munthu wosavala nsapato, zala zonse zisanu zikuoneka bwinobwino, koma kutalika kwake kunali pafupifupi masentimita 40. Crew anathira pulasitala m'chidindo chimodzi, ataona kuti wauma anamunyamula n'kupita naye ku nyuzipepala ya Humboldt Times. Mu Okutobala chaka chomwecho chithunzi chake chinatuluka atanyamula chiphazicho, ndipo mtolankhani Andrew Genzoli analemba dzina lomwe anthu a pamsewupo anali atapatsa kale mwini phazilo: Bigfoot, kutanthauza phazi lalikulu.

Mwini kontirakiti ya msewuwo anali Ray Wallace, munthu wodziwika ndi nthabwala zopusitsa anzake. Atamwalira mu 2002, a m'banja mwake anatulutsa mapazi akuluakulu osema ndi mtengo n'kuulula kuti ndi omwe bamboyo ankadindira m'matope. Wina akanaganiza kuti nkhani yathera pompo. Ayi ndithu. Pofika nthawiyo anthu masauzande anali atanena kale kuti anachiona chilombocho ndi maso awo, ndipo ambiri mwa iwo za Wallace sanazimvepo n'komwe.

Nkhani za zimphona zaubweya za m'nkhalango zinalipo kale Crew asanabadwe. Mitundu ingapo ya eni nthaka a kumadzulo kwa Canada ndi America inali ndi nthano zake za anthu akutchire. M'zaka za m'ma 1920 mphunzitsi wina, J. W. Burns, yemwe ankagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wa Chehalis ku British Columbia, anatolera nkhanizi n'kuzifalitsa, ndipo ndi iye anatchukitsa dzina loti Sasquatch. Koma zimphona za m'nkhani za Burns sizinali anyani kwenikweni. Zinali anthu aatali, atsitsi lalitali, okhala kumapiri, ena mpaka olankhula chinenero. Chinyani chachikulu chomwe anthu amachifotokoza masiku ano chinakhazikika m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomwe nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani za chilombo china cha kumapiri a Himalaya chotchedwa Yeti. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa momwe anthu amaitengera. Nyama yeniyeni sisintha maonekedwe potengera zomwe zili m'nyuzipepala, koma zomwe mboni zinkafotokoza zinasintha.

Za Yeti zinafika kwa azungu mu 1921, pamene gulu la Charles Howard-Bury, lofufuza njira yokwerera phiri la Everest, linapeza mapazi achilendo m'chipale chofewa. Howard-Bury mwiniwake ankaganiza kuti ndi a mmbulu. Mu 1951 Eric Shipton anajambula chidindo chimodzi chooneka bwino kwambiri, ataika chida chake chokwerera phiri pambali kuti anthu aone kukula kwake, ndipo chithunzicho chinazungulira dziko lonse. Mu 1960 Edmund Hillary, yemwe anali atafika pansonga ya Everest limodzi ndi Tenzing Norgay mu 1953, anabwereka chikopa cha pamutu chomwe anthu a m'mudzi wa Khumjung ku Nepal ankasunga ngati cha Yeti. Anapita nacho kwa akatswiri ku America ndi ku Ulaya, ndipo anapeza kuti chinaumbidwa ndi chikopa cha serow, nyama yakutchire yonga mbuzi.

Chomwe chinakolezera moto kwambiri ndi kanema wojambulidwa pa 20 Okutobala 1967, ku Bluff Creek komwe kuja. Roger Patterson ndi Bob Gimlin anali pa akavalo pamene, malinga ndi iwo, anatulukira chinthu chakuda chili m'mphepete mwa mtsinje. Kanemayo safika ndi mphindi imodzi yomwe. Poyamba chithunzi chikugwedera chifukwa Patterson ankathamanga, kenaka chikhazikika: chinthu chaubweya, chokhala ndi mabere, chikuyenda ndi miyendo iwiri pamchenga, manja akulendewera, n'kucheuka kuyang'ana kamera chisanalowe m'mitengo. Anthu akhala akuunika kanemayu kwa zaka zoposa 50 osagwirizana. Vuto limodzi n'lakuti palibe akudziwa motsimikiza liwiro lomwe kamerayo inkajambulira, pomwe liwirolo ndi lomwe lingasonyeze ngati kayendedweko n'kotheka kwa munthu kapena ayi. Okayikira amakumbutsanso kuti chaka chimodzi izi zisanachitike Patterson anali atatulutsa buku la nkhani zomwezi, momwe munali chojambula cha Bigfoot wamkazi, ndipo kunkhalangoko anapita ndi kamera yobwereka n'cholinga chokapanga filimu ya chilombocho. Mu 2004 Bob Heironimus ananena poyera kuti ndi iye anavala chovala chaubweyacho, ngakhale chovalacho sichinaonetsedwe. Patterson anamwalira mu 1972 asanasinthe mawu ake, ndipo Gimlin wakhala akukana zoti anachita nawo zachinyengo.

Okhulupirira sakhala ndi kanemayu yekha. Mfundo yawo yaikulu ndi kuchuluka kwa mboni. Bungwe la Bigfoot Field Researchers Organization, lomwe linayamba mu 1995, lasonkhanitsa malipoti masauzande, ambiri ochokera m'chigawo cha Washington. Ena mwa ofotokozawo ndi alenje, odula mitengo ndi apolisi, anthu odziwa tchire, omwe sapindula kalikonse ponena zotere kupatula kusekedwa. Akuti utsi sufuka popanda moto. Amawonjezanso kuti gorila nayenso anali nthano chabe kwa asayansi a ku Ulaya pomwe anthu okhala naye pafupi ankamudziwa kalekale. Akatswiri ena a kuyunivesite, monga Grover Krantz wa ku Washington State ndi Jeff Meldrum wa ku Idaho State, anaika mbiri yawo pachiswe poikira kumbuyo maganizo amenewa.

Chitsanzo cha gorila n'choona, koma chikafotokozedwa chonse chimawatembenukira eni ake. Mu 1847 Thomas Savage, dokotala komanso mmishonale wa ku America, ali ku Gabon anaonetsedwa chigaza cha nyama yomwe eni dera ankaisimba. Sanakhutire ndi zakumva. Anatolera zigaza ndi mafupa ena, ndipo chaka chomwecho iye ndi Jeffries Wyman anafotokoza nyamayo kwa asayansi anzawo. Gorila wa kumapiri a Virunga anadziwika mu 1902 chifukwa msilikali wa ku Germany, Robert von Beringe, anawombera awiri. Za okapi, nyama ya m'nkhalango za Congo yapachibale ndi nyamalikiti, Henry Morton Stanley anazilemba mu 1890 atazimva kwa eni nkhalango. Pofika 1900 Harry Johnston anali atapeza tizidutswa ta chikopa chake, ndipo mu 1901 chikopa chathunthu ndi zigaza zinafika ku London. Saola, nyama ya ku Vietnam yomwe ndi yosowa kwambiri moti asayansi saiona m'tchire, inadziwika mu 1992 chifukwa cha chigaza chokhala ndi nyanga chomwe chinapezeka m'nyumba ya mlenje. Nthawi zonsezi mawu a mboni anagwira ntchito yaikulu, yolozera kokayang'ana. Oyang'anawo atapita anabwerako ndi chinthu chogwirika, chomwe wokayikira aliyense akanatha kuchitembenuza m'manja mwake. Ndiponso alenje a kumeneko ankazipha nyamazo ndipo zikopa kapena zigaza zake zinali m'makomo mwawo. Kwa Bigfoot zaka zoposa 60 zadutsa chichokereni Jerry Crew, m'dziko lodzaza ndi mfuti, misewu ndi makamera, koma palibe dzino ngakhale limodzi.

Nanga anthu onsewa akunama? Ena inde. Mu 2008 amuna awiri a m'chigawo cha Georgia ku America anaitanitsa atolankhani kuti ali ndi mtembo wa Bigfoot mufiriji, ndipo madzi oundanawo atasungunuka munapezeka chovala cha labala. Mu 2012 munthu wina ku Montana anagundidwa ndi magalimoto n'kufa ali chiimire pamsewu usiku atavala zonga tchire pofuna kuti anthu aziti aona Bigfoot. Koma sindikhulupirira kuti abodza ndi ochuluka. Ambiri amanena zomwe akukumbukira moona mtima, ndipo vuto lili pa kukumbukirako.

Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya magalimoto, kenaka n'kuwafunsa za liwiro lake. Omwe anafunsidwa ndi mawu osonyeza kuti magalimotowo anaphwanyana anatchula liwiro lokwera kuposa omwe anafunsidwa kuti anangogundana, ndipo patapita sabata ochuluka mwa iwo kuposa a gulu linalo ankakumbukira magalasi osweka omwe mukanemamo munalibe. Funso lokha linasintha zomwe munthu anaona. M'makhoti a ku America, pa milandu 375 ya anthu omwe anamasulidwa DNA itasonyeza kuti sanalakwe, bungwe la Innocence Project linapeza kuti pafupifupi 69 pa 100 iliyonse munali mboni yomwe inaloza munthu wolakwika. Ambiri mwa mbonizi analumbira ali otsimikiza ndi mtima wonse. Tsono ngati zili choncho ndi nkhope ya munthu, kuli bwanji chinthu chakuda chooneka kwa masekondi ochepa, madzulo, pakati pa mitengo, mtima ukugunda ndi mantha?

Chomwe chinachitika ku Netherlands mu 1978 chimasonyeza bwino momwe malipoti angachulukire popanda nyama. Kanyama kotchedwa red panda kanathawa kumalo osungirako nyama ku Rotterdam, ndipo nyuzipepala zinapempha anthu kuti akakaona adziwitse. Malipoti pafupifupi 100 anabwera kuchokera m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Kanyamako kanali katafa kale, pafupi ndi komwe kanathawa. Palibe chifukwa choganizira kuti oimba mafoniwo ankanama. Anauzidwa choyembekezera, ndipo mphaka kapena nkhandwe yodutsa patali inakwanira. N'chifukwa chake kuwonkhetsa malipoti sikuthandiza kwenikweni. Malipoti 5,000 osatsimikizika salimbitsana okhaokha ngati chomwe chinasokoneza mboni yoyamba chingasokonezenso ena onsewo.

Ku North America chosokonezacho chili ndi dzina: chimbalangondo chakuda. Chimatha kuima ndi miyendo yakumbuyo, ndipo china chikavulala miyendo yakutsogolo chimayenda chiliri. Ku New Jersey kunali chimodzi chomwe anthu anachitcha Pedals, chimene pakati pa 2014 ndi 2016 chinkajambulidwa chikuyenda choncho m'mabwalo a nyumba za anthu, ndipo woonera kanema wake koyamba amayamba waganiza kuti ndi munthu wovala chikopa. Mu 2009 akatswiri atatu, motsogozedwa ndi Jeff Lozier, anatenga malo omwe anthu amati anaonako Bigfoot kumadzulo kwa America n'kuwaika pamapu pogwiritsa ntchito njira yomwe asayansi amalosera nayo komwe nyama ingakhale. Mapu omwe anatuluka anafanana kwambiri ndi a chimbalangondo chakuda.

Zogwirika zomwe ofufuza abweretsa zapimidwa, ndipo asayansi sanazikane kuzipima monga ena amanenera. Mu 1976 Peter Byrne anatumiza ubweya ku FBI, bungwe lofufuza milandu la boma la America, ndipo yankho, lomwe linaonekera kwa anthu onse mu 2019, linali lakuti ndi wa nyama ya mtundu wa gwape. Mu 2014 Bryan Sykes wa ku Oxford, yemwe anapempha anthu padziko lonse kuti amutumizire ubweya wa zilombo zoterezi, anapeza DNA mu zitsanzo 30. Zonse zinali za nyama zodziwika: zimbalangondo, akavalo, ng'ombe, agalu, nungu, ndipo chimodzi chinali tsitsi la munthu. Mu 2017 gulu la Charlotte Lindqvist wa ku Buffalo linapima zinthu 9 zomwe ankati ndi za Yeti, kuphatikizapo fupa, dzino ndi chikopa. Zisanu ndi zitatu zinali za zimbalangondo za ku Asia, chimodzi cha galu.

Chinyani chachikulu chinakhalapodi padziko. Gigantopithecus anadziwika mu 1935 pamene Ralph von Koenigswald anapeza dzino lake m'sitolo ya mankhwala achitchaina ku Hong Kong, ndipo chichokereni apo mano pafupifupi 2,000 ndi nsagwada zinayi zapezeka, makamaka kummwera kwa China. Anatha zaka zoposa 200,000 zapitazo, komabe mano ake tili nawo. Ku America konse sikunapezeke fupa lakale la nyani wamkulu wopanda mchira. Ndipo kuti Bigfoot akhalepo mpaka lero sangakhale mmodzi. Pangafunike mazana kapena masauzande, obadwa, odya, osiya ndowe, okalamba ndi kufa, ena n'kumagundidwa ndi magalimoto monga zimachitikira zimbalangondo ndi agwape chaka chilichonse.

Ena amayankha kuti nkhalango za kumeneko n'zazikulu ndipo nyamayo ndi yochenjera. Kukula kwa nkhalango n'koona. Koma mu Febuluwale 2008, m'nkhalango ya Tahoe ku California komweko, kamera yomangidwa pamtengo ndi wophunzira wina, Katie Moriarty, yemwe ankafufuza nyama ina, inajambula wolverine, kanyama kamanyazi kosaposa galu, komwe sikanatsimikizidwe kuti kaliko m'chigawocho kuyambira m'ma 1920. Ofufuza anapita pamalopo, anatola ubweya ndi ndowe, ndipo DNA inasonyeza kuti kanali kamphongo kochokera ku mtundu wa kumapiri a Rocky. Makamera anapitiriza kukajambula kwa zaka zingapo zotsatira, ndipo umboni wonse unkasonyeza kuti kanali kokhakokha m'dera lonselo.