Musanavomere ovaholo, funsani chimene makanika wayeza

Mayi wina wa ku Matawale, muno mu Zomba, anabwera kugalaja kwanga ndi Corolla yake yakale ya injini ya 5A, yomwe inkatulutsa utsi. Kwina anali atawauza kuti injini yatha, ikufunika ovaholo, kutanthauza kuiphwasula yonse n'kuimanganso, ndipo mtengo anawalembera pakatoni ya mapulagi: nambala imodzi yokha, yonenepa. "Bambo, ndiuzeni zoona, akufuna kundibera?"

Sindinawayankhe za ndalama. Ndinafunsa kuti utsiwo umatuluka nthawi yanji. Iwo anati m'mawa akangoliza galimoto, komanso akatsetsereka kuchokera Ku Chawe n'kupondanso mafuta akafika m'munsi. Utsi wobiriwira ngati mtambo umati fuu kamodzi, kenako zii. Amenewo kawirikawiri si maringi, mphete zachitsulo zozungulira mapisitoni. Ndi timasilo ta mavavu, timphira ting'onoting'ono tomwe timauma ndi ukalamba n'kumadontheza oyilo. Maringi akatha, utsi susankha nthawi, umangotsatira galimoto makamaka ikamakoka pamtunda. Ntchito ziwirizi mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri, poti yamaringi imafuna kufika mpaka kumapisitoni.

N'chifukwa chake ine ndimati mtengo wachilungamo umayambira pa kuyeza. Makanika achotse mapulagi, ayeze komporeshoni (mphamvu yopanikiza mpweya) ya silinda iliyonse inu mukuona, ndipo manambala anayiwo muwalembe. Akakhala oyandikana, osasiyana kupitirira pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, musathamangire kutsegula pansi pa injini. Silinda ina ikatsika, athiremo oyilo pang'ono n'kuyezanso. Nambala ikakwera, maringi ndiwo atha. Ikapanda kusuntha, vuto lili kumavavu kapena gasiketi. Ntchito imeneyi siikwana ola. Wokuuzani za ovaholo atangotchera khutu kuboneti akuombeza, ndipo ndalama zoombezerazo ndi zanu.

Mitengo ya makwacha sindilemba muno. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo masipeya pafupifupi onse timaitanitsa kunja, ndiye mtengo umene mnansi wanu analipira chaka chatha sungakuthandizeni lero. Chomwe chingakuthandizeni n'kugawa nambala yonenepa ija: masipeya paokha, dzina ndi dzina, leba (malipiro a ntchito ya makanika) payokha, zolipira kumakina opala hedi (mutu wa injini) kapena krankishafuti pazokha. Mukatenga pepalalo, funsani m'mashopu awiri muno mutauni, muimbirenso ku Limbe. Nenani nambala ya injini, osangoti "ya Corolla". Makanika akaikapo kenakake ka thiransipoti si mlandu, nayenso wayenda. Koma sipeya ikakwera kawiri pamtengo wa m'shopu, funsani chifukwa.

Pa masipeya pamakhala mitengo itatu: yojenuini ya kampani yomwe inapanga galimotoyo, yopangidwa ndi makampani ena, ndi yochotsedwa pa galimoto zophwasula. Sindinyoza zogwirapo kale ntchito. Alitaneta, sitata, ngakhale hedi yathunthu, mutha kugula zakale zikayesedwa. Koma gasiketi, masilo, maberingi ndi lamba wa taimingi, ayi. Gasiketi yotchipa ikapsa pakatha miyezi itatu, mudzalipiranso leba yonse, poti hedi idzatsikanso. Chinyengo chimene ndimachiona kwambiri n'chakuti munthu walipira mtengo wojenuini koma amumangira yotchipa. Pemphani katoni yake, ndipo zakale zonse akupatseni m'jumbo.

Dziwaninso injini yanu. 4A, 5A ndi 7A zimayendera lamba wa taimingi, wosinthidwa pamakilomita pafupifupi 100,000. Injini ya 1NZ, yomwe ili m'ma Probox ndi ma Sienta ambiri, imayendera tcheni. Wina akakulemberani lamba wa taimingi pa 1NZ, nyamulani makiyi anu.

Leba ndi pomwe eni galimoto amatilakwira ifenso. Silo ya kumbuyo kwa krankishafuti ndi kanthu kokwana m'dzanja, koma kuti muifikire muyenera kutsitsa giyabokosi. Kuona leba ikuposa sipeya pamenepo si kuba. Chanzeru n'kuphatikiza ntchito: giyabokosi ikatsika, onaninso kilatchi; lamba wa taimingi akachoka, onani pampu ya madzi ndi masilo akutsogolo, kuti leba mulipire kamodzi.

Ovaholo ikakhala yosapeweka, yerekezani mtengo wake wonse ndi wa injini yakale yochokera ku Japan, kuphatikizapo kuimanga, oyilo ndi mafiluta. Injini yotereyi mumagula osadziwa mbiri yake, ndiye wogulitsa alembe masiku oti mungaibweze. Muyang'anenso redieta, chifukwa ngati ndiyo inaphetsa injini yoyamba, iphanso yachiwiri musanafike pa Namadzi.

Mayi aja komporeshoni yawo inapezeka yabwino m'masilinda onse anayi. Tinasintha timasilo ta mavavu tonse 16, ndipo takaleto, touma ngati nyemba zokazinga, anapita nato m'kabotolo kuti akawaonetse amuna awo.