Mukawathamangitsira pansi pa mango, musadzadabwe

Ndaphunzitsa aphunzitsi a Sande sukulu kwa zaka zambiri, kuyambira ku Katete mpaka ku Lundazi, ndipo pali mawu amene makutu anga atopa nawo: "Ana atuluke, tiyambe mapemphero." Mkulu wa mpingo amatero ataima kutsogolo, ana onse akumva. Ndiye mwana wazaka 7 amabwerera kunyumba atadziwa kuti mapemphero enieni amayamba iyeyo akachoka.

Sande sukulu sindikuinyoza, ndiyo ntchito yanga. Chimene ndikukana ndi kuwaunjika pansi pa mtengo wa mango Lamlungu lililonse, mtsikana wa giredi 9 atawaimirira ndi kashamu m'manja, mpaka tsiku lolowa kalasi yokonzekera kulandiridwa mumpingo. Akufika zaka 14 asanaonepo Mgonero, nyimbo za m'buku sazidziwa, mbusa amangomuona akudutsa pa njinga yamoto. Akangolandiridwa amasowa, ife n'kuyamba kunamizira mafoni. Pa Deuteronomo 31:12 Mose analamula kuti chilamulo chikamawerengedwa asonkhane amuna, akazi ndi ana omwe. Pa Marko 10:14 amene Yesu anawapsera mtima ndi ophunzira amene ankaletsa tiana kubwera kwa iye, osati tianato. Ngakhale amishoni amene anafika ku Magwero mu 1899 anakulitsa mpingo kudzera m'masukulu a m'midzi, ndipo ambiri mwa agogo athu anamva uthenga ali ana.

Zochita zake si zovuta. Yalani mphasa kutsogolo, osati kukhomo, chifukwa mwana amene akungoona misana ya akuluakulu amayamba kutsina mnzake. Mbusa atsike, awalankhule mphindi zisanu ndi chinthu chooneka m'manja, kaya chitsononkho, kaya nyale. Anzathu Akatolika anatitsogolera kale ndi ana otumikira kuguwa ndiponso ma Stella ovina pa Misa. Woti awerenge Salmo mumpatse ndime yake Lachitatu, osati kum'dzidzimutsa m'mawa wa Lamlungu kenako n'kumuseka akamachita chibwibwi. Ndipo chonde, asamangokhala ana a abusa ndi a akulu a mpingo. Uja wobwera wopanda nsapato nayenso amatha kugwira mbale ya chopereka.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Mumpingo wina wakumudzi munali kamtsikana kazaka 9 ka m'kwaya ya ana. Pakati pa nyimbo kankangoti zii, maso tong'o, osayankha, pakapita kamphindi n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mphunzitsi ankati ndi mwano, ankakakoka makutu. Kenako mphekesera zinati dzina la Yesu likatchulidwa ziwanda zimakagwira. Anakachotsa m'kwaya. Amayi ake anapita nako kwa mneneri wina m'tauni, amene anawagulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, n'kulamula kuti mwanayo asale kudya masiku atatu ndi kuchezera usiku wonse m'mapemphero, anthu atamuzungulira, akumukuwira m'makutu. Panatha pafupifupi chaka. Tsiku lina mwanayo anagwera pa mbaula. Kuchipatala ndi kumene anamva kuti ndi khunyu.

Ine ndinakaonapo kamodzi kakuchita zii. Ndinakayika, koma ndinati ndine mlendo, ndisalowerere za eni mpingo. Ndinakwera basi n'kubwerera ku Chipata.

Khunyu ndi matenda a ubongo. Sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu. Sikuti aliyense amagwa n'kumaphupha, ena amangoti zii ngati mwana ujayo. Kusagona tulo kumawautsa, ndiye taganizani zomwe kuchezera kuja kunkachita. Mankhwala alipo m'zipatala za boma, ndipo ambiri akamamwa mosadumphitsa amasiya kugwa. Akagwa m'tchalitchi m'chotsereni mabenchi, m'gonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Pempherani, inde, koma Lolemba m'mawa akhale ali pa mzere ku kiliniki. Aliyense wokuuzani kuti tayani mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, m'thaweni.

Chimodzimodzi mwana wosakhazikika, wosamva bwino, kapena wochedwa kulankhula. Kumuimika kutsogolo kwa mpingo n'kumutcha mfiti ndi nkhanza, ndipo lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kumenya mwana ngati chilango. Mukaona zotere ndipo akulu akuzengereza, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi ulere.

Chaka chatha ndinadutsanso m'mudzi muja. Mtsikanayo wakula, akumwa mankhwala ndipo sakugwanso. Zala ziwiri za kudzanja lamanja zinamatirirana ndi chipsera. Ndinamufunsa ngati amaimbabe. Anangobisa dzanjalo m'chitenje, amayi ake ndiwo anayankha kuti kutchalitchi anasiya kalekale.