Bizinesi ya pakhomo: khonsolo imayang'ana chiyani?

"Nyumba ndi yanga, poloti ndinagula ndekha, nanga khonsolo ikundiletsa bwanji kuchitirapo bizinesi?" Ife okonza mapulani a matauni funso limeneli timalimva pafupifupi sabata iliyonse, ndipo wofunsayo amakhala atakwiya kale.

Tauni ikamajambulidwa, malo amagawidwa: uku kokhala anthu, uku kwa malonda, uko kwa mafakitale. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lotere mu 1916. Patatha zaka khumi, mu 1926, khoti lalikulu la ku United States linagamula mlandu wa katauni ka Euclid, ku Ohio, pomwe kampani ya Ambler Realty inkadandaula kuti kugawa malo kwagwetsa mtengo wa malo ake. Khotilo linati tauni ili ndi mphamvu zotero. Kukhala mwini malo sikukupatsani ufulu wochitapo chilichonse.

Komatu si bizinesi iliyonse imene imaletsedwa. Chimene timayang'ana kwenikweni n'chimene chikudumpha mpanda kupita kwa aneba. Telala wosokera m'chipinda, kapena wowerengera anthu ndalama pa kompyuta, palibe amene akumusowetsa tulo. Wowotcherera zitsulo ndi nkhani ina: phokoso la chopukusira kuyambira m'mawa, kuthwanima kopweteka maso, zidutswa za zitsulo pomwe ana amasewera. Makaniko naye, ngakhale akhale waulemu chotani, magalimoto odikira kukonzedwa amadzaza msewu ndipo oilo amatsikira m'ngalande. N'chifukwa chake malamulo ambiri amafunsa zinthu zooneka ngati zazing'ono: kodi mwini bizinesi amagona m'nyumbamo, antchito ochokera kwina ndi angati, makasitomala amabwera nthawi yanji, chikwangwani n'chachikulu bwanji. Nyumba ikhalebe nyumba, bizinesi ikhale mlendo.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa laisensi. Laisensi ya malonda ndi chilolezo chosintha ntchito ya malo ndi mapepala awiri osiyana, ndipo kawirikawiri amachokera m'maofesi osiyananso. Mukhoza kukhala ndi yoyambayo n'kutsekeredwabe.

Nanga bizinesi yomwe inalipo lamulo lisanabwere? Nthawi zambiri imaloledwa kupitiriza, bola isakule, ndipo ikatsekedwa nthawi yaitali mwayiwo umatha. Koma musadalire kwambiri zimenezi. Mu 1915 khoti lalikulu la ku United States lija linavomereza kuti mzinda wa Los Angeles uletse munthu wina dzina lake Hadacheck kuwotcha njerwa pamalo ake, chonsecho nyumba za anthu zinachita kumupeza.

M'tauni yaing'ono vuto limakhala kuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. Ogwira ntchito ku khonsolo ndi ochepa, sangayendere khomo lililonse, ndiye amadikira madandaulo. Zotsatira zake, amene amatsekeredwa ndi amene anayambana ndi neba wake, pomwe wina wa phokoso loposa akugwira ntchito mwamtendere chifukwa ndi wokondedwa m'deralo. Kunena zoona, ine zimenezi sizindisangalatsa.

Njira ya ku Japan imandikomera. Kumeneko, ngakhale m'dera lotetezedwa kwambiri la nyumba zokhalamo, munthu amaloledwa kukhala ndi kashopu m'nyumba yake, bola kasapitirire masikweya mita 50 ndiponso kasafike theka la nyumbayo. Muyezo unalembedwa kale, ndiye amene akufuna kutsegula saluni amangotenga tepi n'kuyeza chipinda.