Zitini za ku Jos ndi masewero amene BBC inafufuta

Kwa zaka zambiri, munthu wofuna kuonera nkhani yotchedwa The Enemy of the World ya mu Doctor Who, sewero la pa kanema la BBC la nthano za sayansi, ankangopeza gawo limodzi lokha mwa magawo 6, gawo lachitatu. Tsoka ilo, gawo limenelo ndi lozizira kuposa onse: mkaidi akulonderedwa m'kolido, ena akucheza kukhitchini, basi. Okonda seweroli anagamula kuti nkhani yonseyo inali yosakoma. Kenako mu Okutobala 2013 magawo asanu otsalawo anatulukira ku Nigeria, ndipo tinaona zomwe anthu a ku Britain anaonera kamodzi kokha mu Disembala 1967: Patrick Troughton, amene ankasewera Doctor mwiniwakeyo, akuvula jekete n'kuthamangira m'nyanja ngati mwana, anthu amfuti akumuthamangitsa pamchenga, helikopita ikutsika kudzamupulumutsa. Ine gawo loyambalo ndinalionera katatu usiku umodzi. Chinkandigwira mtima ndi nkhope ya Troughton, mmene nsidze ndi milomo zimasewerera asanatulutse liwu, zinthu zimene sungazimve pa tepi ya mawu okha.

Kuti timvetse chifukwa chake sewero la ku London linakapezeka pashelefu ya ku Jos, mzinda wa ku Nigeria, tiyambire pa tepi yeniyeniyo.

Doctor Who inayamba kuonetsedwa pa 23 Novembala 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa John F. Kennedy. Nthawi imeneyo BBC inkajambula masewero ake pa tepi ya vidiyo yotambalala mainchesi awiri, yolemera komanso yodula kwambiri. Ubwino wake unali umodzi: inkatheka kuifufuta n'kujambulapo zina. Sewero likaonetsedwa, tepiyo inkadikira kanthawi, kenako n'kubwerera kukagwira ntchito ina. Mwa magawo 253 amene William Hartnell, woyamba kusewera Doctor, ndi Patrick Troughton, womulowa m'malo, anasewera pakati pa 1963 ndi 1969, palibe ngakhale limodzi lomwe lilipo lero pa tepi yake yoyambirira. Onse amene timaonera anapulumuka pa filimu.

Anthu ambiri akamva izi amapsa mtima, ndipo mkangano woti wolakwa anali ndani sunathe mpaka lero pakati pa okonda masewero akale. Ine sindiwaona ngati anthu oipa mtima amene ankasaina mapepala ofufutirawo. Kanema wa pa wailesi ankamuona ngati sewero la pabwalo, loti likachitika latha. Bungwe la ochita zisudzo la Equity linkaletsa kubwereza masewero mwachisawawa, poopa kuti mamembala ake asowa ntchito ngati wailesi izingoonetsa zakale, choncho pakapita zaka zochepa sewero silinkathekanso kulibwereza popanda mgwirizano watsopano. Mu 1967 kunabwera kanema wamitundu pa BBC2, mu 1969 pa BBC1, ndipo zithunzi zakuda ndi zoyera zinayamba kuoneka ngati katundu wosagulika. Makina oonerera makaseti kunyumba anali asanafale. Ndani akanalota kuti zidzukulu zidzalipira ndalama kuti zione zimenezo?

Koma pali mbali ina imene sindingaikhululukire, ndiyo kusowa mwini. Matepi anali m'manja mwa nthambi ya akatswiri a makina. Laibulale ya mafilimu inkasunga zokhazo zimene zinajambulidwa pa filimu kuchokera pachiyambi. Nthambi yogulitsa masewero kunja, BBC Enterprises, inali ndi makope ake. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akusunga. Enterprises itayamba kutaya makope ake kuyambira 1972 chifukwa cha kuchepa kwa malo, nthawi zambiri inali kutaya kope lomaliza padziko lonse osadziwa. Peter Cook, katswiri wa nthabwala wa mu Not Only... But Also, atamva kuti matepi a sewero lake ndi Dudley Moore afufutidwa, anapempha kuti alipire yekha matepi atsopano. Anamukaniza. Pamenepo sipanalinso nkhani ya ndalama ayi, unali mwambo chabe wa mu ofesi.

Sikuti ndi nthano za sayansi zokha zimene zinapita. Kumbali ya nthabwala, magawo ena a Dad's Army a 1969 anasowa, awiri n'kudzapezeka mu 2001. Ena a Hancock's Half Hour nawo kulibe. Kumbali ya zoopsa, The Quatermass Experiment ya Nigel Kneale ya 1953 ili ndi nkhani yakeyake: inkaseweredwa pompopompo ikuulutsidwa, ndipo mwa magawo 6 anangojambula awiri oyamba. Otsalawo sanafufutidwe, sanajambulidwe n'komwe. Chilombo cha m'gawo lomaliza, cha m'tchalitchi cha Westminster Abbey, chimene chinaopsa dziko lonse chinangotsala m'mitu mwa amene anaonera usiku umenewo.

Tsono makope aja a Enterprises ndi amene akutifikitsa ku Africa. Pofuna kugulitsa kunja, ankaloza kamera ya filimu ya 16mm pa sikirini n'kujambula seweroli likuonetsedwa. Filimuyo ankaiika m'chitini chozungulira, n'kumata kapepala ka dzina. Mawailesi a m'mayiko amene ankalamulidwa ndi Britain ndiwo anali makasitomala: Australia, New Zealand, Hong Kong, Singapore, Cyprus, ndipo kuno kwathu Nigeria, Ghana, Sierra Leone, Kenya, Uganda, Rhodesia ndi Zambia. Ku Malawi kunalibe wailesi yakanema mpaka 1999, ndiye zitini zimenezi sizinafike kuno, koma abale athu a ku Kitwe ndi ku Lusaka amene anali ndi kanema m'nyumba anamuonera Hartnell. Kope limodzi linkayenda dziko ndi dziko, wina akamaliza n'kutumiza kwa mnzake. Womaliza pamzerewo ankauzidwa kuti abweze ku London kapena awononge. Ambiri anamvera. Ena ochepa sanamvere, kaya poiwala, kaya pochita ulesi, kaya poona kuti kuotcha filimu yabwinobwino n'kulakwa, ndipo chuma chathu chalero chachokera kwa iwowo.

Kutaya kunaima mu 1978. Chaka chimenecho BBC inaika Sue Malden pa udindo wosankha zoyenera kusungidwa, ndipo Ian Levine, mnyamata wokonda seweroli kwadzaoneni, anapeza zitini za The Daleks, nkhani yachiwiri ya Hartnell, zitaunjikidwa podikira kuwonongedwa, n'kuchita phokoso mpaka zinapulumuka. Kuyambira pamenepo kunayamba kusaka. Mu 1983 magawo awiri a The Daleks' Master Plan anapezeka m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha Mormon mu London. Pakati pa zaka za m'ma 1980 Nigeria inabweza The Time Meddler ndi The War Machines. Kumayambiriro kwa 1992 kunamveka kuti magawo onse anayi a The Tomb of the Cybermen apezeka ku Hong Kong. Mu 1999 gawo limodzi la The Crusade linatulukira kwa wosonkhanitsa mafilimu wina ku New Zealand.

Pali tizidutswa tina timene timandisangalatsa kuposa tonse. Boma la Australia linali ndi ofesi yopima mafilimu, ndipo inkadula malo amene inkaona kuti ndi oopsa kwambiri kwa ana. Todulidwato anatisunga m'nkhokwe ya boma. Mafilimu enieniwo anawonongedwa, koma tizidutswato tinapezeka mu 1996. Choncho pa sewero ngati Fury from the Deep, limene palibe gawo ngakhale limodzi lotsala, tili ndi malo ake oopsetsetsa: amuna awiri alowa m'chipinda cha mayi wina, atsegula pakamwa pang'onopang'ono, maso ali tong'o, mpweya wapoizoni ukutuluka. Ndi kanthawi kochepa chabe, koma mpaka lero tsitsi limandiimirira ndikakaona.

Ndipo mawu a gawo lililonse losowa alipo. Izi sizinachitike ndi BBC ayi. Anali ana ndi achinyamata m'nyumba za makolo awo Loweruka madzulo, atayika maikolofoni pafupi ndi kanema, akuuza am'nyumba onse kuti akhale chete. Graham Strong anafika polumikiza waya wa makina ake ojambulira mkati mwa kanema mwenimwenimo, n'chifukwa chake matepi ake amamveka bwino chonchi. Panalinso John Cura, wojambula zithunzi amene ankalipidwa kuti azijambula sikirini sewero lili mkati. Okonda seweroli analumikiza zithunzi zakezo ndi mawu a anyamata aja, ndipo kwa zaka zambiri umu ndi mmene magawo osowa ankaonedwera.

Philip Morris, amene anapeza zitini za ku Jos, anachita zimene ena ankangochita pa kalata ndi pa foni: anapita yekha, kulowa m'zipinda zosungiramo katundu za mawailesi a mu Africa. Jos ili pamalo okwera pakati pa Nigeria, kozizirirapo kuyerekeza ndi kunyanja. Kumeneko, pa wailesi ina, anapeza zitini zafumbi za nkhani ziwiri za Troughton, The Enemy of the World ndi The Web of Fear. Magawo 9 amene ankayesedwa otayika anabwerera, ndipo chiwerengero cha osowa chinatsika kuchoka pa 106 kufika pa 97, patatsala milungu yochepa kuti seweroli likwanitse zaka 50. Morris yemweyo anapezanso magawo a sewero la nthabwala la Morecambe ndi Wise, ena m'nyumba yakale yoonetsera mafilimu ku Sierra Leone, lina ku Nigeria. La ku Nigerialo linali litaola n'kumatirirana, moti akatswiri a pa Queen Mary University of London anachita kuliunika ndi X-ray osalimasula kuti atulutsemo zithunzi. Filimu yotere ikayamba kuwonongeka imanunkha ngati viniga, ndipo ikafika apo nthawi imakhala itatsala yochepa.

Apa ndiye pagona mkangano wachiwiri. Zikudziwika kuti mafilimu ena anatengedwa ndi ogwira ntchito pa nthawi yotaya ija, n'kumagulitsidwa pakati pa osonkhanitsa. Ena amati anthu oterowo abweze msanga chifukwa katunduyo ndi wa dziko. Ine ndimaona kuti kuwakalipira ndi kumene kumawabisitsa. Munthu amene anatola chitini pamulu wa zinyalala mu 1974 n'kuchisunga pouma kwa zaka makumi ayenera kuthokozedwa poyamba, kubwereka kubwere pambuyo. Palinso kusagwirizana pa makatuni amene BBC yakhala ikupanga kuyambira 2006 polowa m'malo mwa magawo osowa, pogwiritsa ntchito mawu aja. Ndimawaonera ndipo ndimawayamikira, koma madzi akatayika saoleka: wojambula katuni angathe kukoka mphuno ya Troughton, osati kuzengereza kwake kuja asanayankhe funso.

The Web of Fear ili ndi magawo 6, ndipo asanu alipo. Nkhani yake ndi ya zilombo za Yeti zimene zalanda njanji zapansi pa London, asilikali ochepa atsekeredwa mumdima, ndipo wina mwa iwo ndi kapirikoni. Gawo lachitatu ndi limene Colonel Lethbridge-Stewart, woseweredwa ndi Nicholas Courtney, akuonekera koyamba, munthu amene anadzakhala m'seweroli kwa zaka zambiri monga Brigadier. Morris ananena poyera kuti gawo limeneli analiona pashelefu ku Jos pamodzi ndi anzake, koma pofika nthawi yonyamula linali litachokapo. Ndikamaonera nkhaniyi, gawo lachiwiri likatha zithunzi zimaima. Kwa mphindi 25 ndimayang'ana zithunzi za Cura zikusinthana chimodzichimodzi, mawu a Courtney akumveka m'njanjimo, kenako gawo lachinayi limayamba ndipo anthu aja ayambanso kuyenda.