Nkhuku yopulumuka ku Salmonella si nkhuku yochira

Mawu amene andikwana kumva kwa alimi a nkhuku ndi akuti, "Adokotala, anapiye aja anachira, ndinawathirira kapisozi m'madzi." Anasiya kufa, inde. Koma pa matenda oyamba ndi kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Salmonella, kusiya kufa n'kwina, kuchira n'kwina.

Mwanapiye akangoswa, asilikali a m'thupi mwake amakhala asanakhwime. Amadalira chitetezo chimene make anamusiyira m'chikasu cha dzira, chomwe chimatha m'masabata ochepa. M'matumbo mwake namo simukhala mutadzaza tizilombo tabwino tomwe timatsekereza toipa kupeza malo. N'chifukwa chake mtundu wina wa kachilomboka, wotchedwa Salmonella Pullorum, umapulula anapiye m'masabata atatu oyamba: amaunjikana, mapiko ali pansi, zitosi zoyera zitamata kumbuyo. Mu 1973, akatswiri ofufuza Nurmi ndi Rantala ku Finland anaonetsa kuti anapiye akapatsidwa tizilombo ta m'matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi, Salmonella amavutika kukhazikika. Ndiye inu mukathira mankhwala tsiku loyamba ati kuteteza, mukupha tabwino tomweto tisanamere n'komwe.

Kachilomboka kakaboola matumbo, thupi limatumiza asilikali otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza mdani n'kumugaya. Pullorum amamezedwa ndithu, koma ena safa. Amakhala phee m'kati mwa msilikali yemweyo, n'kunyamulidwa mpaka ku kapamba ndi chiwindi. M'menemo chitetezo choyenda m'magazi sichimufika bwino, mankhwalanso samutha. Nkhuku imadya, imakula, nthenga zili see. Tsono msoti ukayandikira kuikira, kusintha kwa m'thupi kumafooketsa chitetezo kwa kanthawi, kachilombo kaja kamachulukana n'kulowa kumene mazira amapangidwira. Dzira limatuluka nako kale m'kati, kotero kulitsuka kunja n'kutaya madzi.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anapiye ake ambiri atafa, anasunga otsalawo nati awa ndiye olimba, akhala mbewu. Wogulitsa mankhwala pamsika anali atawapatsa ufa wachikasu wa oxytetracycline, osaona n'komwe mwanapiye mmodzi. Misoti itakula inaikira bwino, mathadzi anafungatira, ndipo mayiwo anagawirako mazira anzawo a m'gulu la banki m'khonde. Mazira ambiri anasukusa. Amene anaswa, anapiye ake anayamba kufa sabata isanathe, osati khola limodzi lokha. Pofika kwa ine n'kuti kumudziko anthu akulozana zala za ufiti, ngongole ya kugulu ili pakhosi. Kuwauza kuti mathadzi okongolawo ndiwo gwero ndipo sayenera kuswetsanso, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Sindiwada. Amene ndimamuda ndi uja anawagulitsa ufa.

Chinanso, si nkhuku iliyonse yozyolika imene ili ndi chitopa. Salmonella Gallinarum amapha nkhuku zazikulu: lipombo limayezuka, zitosi zimakhala zachikasu kapena zobiriwira, ukaitumbula upeza chiwindi chotupa chamtundu wonga mkuwa. Katemera wa chitopa sagwira pamenepa, Gallinarum ali ndi katemera wake. Ndipo amene mumadumpha katemera wa Gumboro poti ndalama yachepa, dziwani kuti Gumboro amaononga kathumba ka pafupi ndi kotulukira zitosi kamene kamakhwimitsa asilikali opanga chitetezo. Mwanapiye wotero matenda aliwonse amangomulowa.

Salmonella Enteritidis ndiye amandidetsa nkhawa koposa, chifukwa nkhuku yaikulu nthawi zambiri sionetsa chizindikiro chilichonse. Wodwala amakhala munthu amene wadya dzira losapsa, makamaka mwana, nkhalamba kapena amene chitetezo chake chatsika. Zomwa mazira aawisi ati kuonjezera magazi, lekani.

Anapiye akayamba kufa, musadikire kuti muone mawa, ndipo musayambe ndi tsabola, aloe vera kapena makapisozi a anthu. Tengani mwanapiye amene wangofa kumene, mumukulunge m'pepala la pulasitiki, mupite naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo kuti ngati n'kotheka akapimidwe ku labotale, monga ya boma ya Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Mukayamba mwathira mankhwala, kachilomboka kamavuta kukapeza popima, ndipo wowola kale sapimika.