Mwana akalira m'chikhakha musadikire kuti kuche

Mango akayamba kupsa mu Novembala, m'mawodi a ana mumachuluka ana ogwa m'mitengo, ndipo ambiri a iwo amakhala atathyoka fupa la mkono pamwamba pang'ono pa chigongono. Fupa la mwana silichedwa kulumikizana. Chimene chimandipweteka ine monga namwino ndi mawu amene ndatopa kuwamva kwa makolo obwera mochedwa, akuti ankayesa kuti mwanayo akungolira poti wathyoka.

Minofu ya mkono imakhala m'zigawo zokutidwa ndi nembanemba yolimba yosatamuka. Minofuyo ikatupa, uku kunja chikhakha kapena nsalu yathina, magazi amalephera kudutsa m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo pakatha maola 6 mpaka 8 minofu imayamba kufa. Yafayo imauma n'kukoka zala, dzanja n'kupindika mpaka kalekale, monga momwe dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, anafotokozera mu 1881.

Mwana wamng'ono sanganene kuti dzanja lachita dzanzi, choncho ife timawerenga khalidwe lake. Mwana amene anali atagona atamwa mankhwala koma tsopano akuvutika, sakutonthola, ndipo mankhwala omwe aja sakumugwiranso, ameneyo timamukayikira nthawi yomweyo. Tikamuwongola chala pang'onopang'ono iye n'kukuwa, sitifunanso umboni wina. Ambiri amanyengeka poona kuti zala zikadali zofunda ndipo mtsempha wa padzanja ukugunda, koma mtsempha waukuluwo umatha kugundabe pamene minofu ikufa, ndipo wodikira kuti zala zide wadikira mopitirira.

Sindimuiwala mtsikana wina wa sitandade 2 amene anafika mkono wake wamanja utatemedwa mphini ndi kumangidwa ndi nsungwi ndi luzi kwa sing'anga. Mayi ake anati mwanayo analira usiku wonse woyamba, kenako anakhala chete, ndipo apabanja anasangalala kuti mankhwala agwira. Kukhala chete kumeneko kunali kufa kwa mitsempha yomvera ululu. Fupa linadzalumikizana ndithu, koma zala sizinathenso kugwira pensulo. Mayiwo sindiwaimba mlandu, chifukwa anachita zimene akuluakulu anawauza. Mkwiyo wanga uli pa munthu amene amalandira ndalama n'kumanga mkono wotupa osadziwa zimene zikuchitika mkati mwake.

Chikhakha cha kuchipatala nachonso chikhoza kuthina, makamaka m'masiku awiri oyamba. Zikatero musawonjezere Panado, ndipo musadikire tsiku limene linalembedwa m'buku la kuchipatala. Bwererani usiku womwewo mukanene kuti ululu ukukula. Ife timang'amba chikhakhacho pamodzi ndi thonje lonse mpaka khungu lionekere, n'kuitana woona za mafupa, ndipo ululu ukapanda kutsika mwanayo amafunika opaleshoni yotsegula nembanemba ija mwachangu, pachipatala cha boma chomwecho kapena potumizidwa ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.